Mlandu Suola: Mafunso Anu pa Buku Lachiwiri la Wapolisi Wachikazi wa M'chigwa cha Shire

Makalata a mwezi uno ambiri achokera ku Chikwawa ndi ku Nsanje, kwa anthu amene akulemba nkhani zopeka za upandu. Tasankhapo amene akukhudza mutu umodzi: wapolisi wofufuza milandu amene wabwerera kwawo ndipo zakale zake zamupeza.

FUNSO: Ndinalemba buku loyamba lonena za mayi wa CID, nthambi ya apolisi ofufuza milandu, amene anagwira mbava za ng'ombe zomwe zinapha m'busa. Owerenga akufunsa lachiwiri. M'buku loyambalo ndinangotchula pang'ono kuti mayiyu anachoka kwawo ku Nsanje ali mtsikana ndipo sanabwerereko. Tsopano ndikufuna abwerere. Koma ndikamalemba nkhani ikungoima. Mayiyu akungolira ndi kukumbukira, mlandu osayenda. Ndichite bwanji? (Mayi wa ku Nchalo)

YANKHO: Amayi, muli ndi nkhani ziwiri zomwe zikuyenda iliyonse njira yake, ina ya mlandu wa lero, ina ya mtima wa wapolisi wanu. Wowerenga akafika pa ya mtima amadziwa kuti mlandu wayamba wapumula, ndiye amatembenuza masamba kufunafuna pamene uyambirenso. Mankhwala ake ndi akuti zakalezo zilowe mu doketi, fayilo ya mlanduwo, ngati umboni. Pasakhale njira ina yothetsera mlandu wa lero kupatula kufukula zomwe mayiyu anakwirira.

Musanalembe mutu woyamba, tengani pepala limodzi mulembepo zimene zinachitika kalezo, ngati mmene amalembera sitetimenti kupolisi: chaka, mwezi, malo, ndi anthu anayi awa, amene anachita, amene anaona, amene anapindula, ndi amene anauza ena kuti akhale chete. Pepalali si la owerenga, ndi lanu. Olemba ambiri amalidumpha, ndipo pofika pakati pa buku iwo eni sadziwa chomwe wapolisi wawo akuthawa. Amangoti ali ndi bala mumtima. Bala lopanda tsiku ndi dzina silingayendetse nkhani.

Chachiwiri ndi chowawa koma ndicho chimanyamula buku lonse. Wapolisi wanu akhale kuti nayenso anachitapo kanthu. Akakhala wongolakwiridwa, timumvera chisoni m'mutu woyamba, kenaka palibenso china chotiyembekezeretsa. Koma akakhala kuti analoza munthu wosalakwa, kapena anaona n'kukhala chete chifukwa amalume ake anamuopseza, ndiye kuti phazi lililonse limene akuponda pofufuza likumufikitsa pamene iye mwini adzayaluke. Wowerenga amafuna kuti mlandu uthe, komanso amaopa kuti ukatha mayiyu watha. Kukokana kumeneko ndiko kumamugoneka munthu pakati pa usiku buku lili m'manja.

Mbiri ya chigwa chathu ikukupatsani pogwira. Nkhondo ya ku Mozambique itakula m'zaka za m'ma 1980, Malawi analandira othawa kwawo pafupifupi miliyoni imodzi, ndipo Nsanje inanyamula ambiri. Misasa ya Mankhokwe ndi Nyamithuthu inali yodzaza. Nkhondoyo inatha ndi pangano la mtendere lomwe linasainidwa ku Rome mu 1992, anthu n'kuyamba kubwerera. Taganizani za mtsikana wobadwa mu 1979. Mu 1990 ali ndi zaka 11, ndipo akuluakulu akumuuza kuti anene kuti amene anaba ng'ombe ndi mnyamata wa kumsasa. Mnyamatayo asowa, aliyense n'kumati wabwerera kwawo. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy agumula gombe la mtsinje, mafupa aonekera. Mtsikana uja tsopano ali ndi zaka 44, ndi insipekita, ndipo ndiye watumidwa. Ichi ndi chitsanzo chabe, koma onani kuti zaka zikugwirizana ndi udindo wake. Muziwerengetsera choncho, chifukwa owerenga a kuno amawerengetsera.

Chachitatu, pezani chinthu chimodzi chogwirika chomangirira nthawi ziwirizi. Chikhoza kukhala mkanda wa m'chiuno, kiyi wa njinga womangidwa pa chingwe, dzino lobenthuka, kapena chizindikiro chowotchera pa chikopa cha ng'ombe. Chikhale chinthu chomwe wapolisi wina aliyense angochilemba m'buku n'kupitirira, koma iye yekha akachiona miyendo izizira.

Chinsinsicho muchiulule katatu, osati kamodzi. Tinene kuti buku lanu lili ndi mitu 30, uliwonse wa mawu pafupifupi 1,500. Cha m'mutu wachitatu iye azindikire chinthu chija n'kubisa, wowerenga aone kuti wabisa koma asadziwe chifukwa. Cha m'mutu wa 15 kupezeke munthu wina wodziwa, ndipo munthuyo afune kanthu kuti asatsegule pakamwa. Cha m'mutu wa 24 kapena 25 mayiyu anene yekha poyera, ndipo ataye china chake chenicheni, kaya ntchito, kaya mbale, kaya malo ake pamudzi. Mukaulula zonse m'mutu wachiwiri, mitu 28 yotsalayo ingokhala ya misozi, ndipo apa ndi pamene mwatitimira.

Zokumbukira zakale zisapitirire zinayi m'buku lonse, chilichonse chosaposa masamba awiri. Chilichonse chiyambitsidwe ndi chinthu cha lero, monga fungo la mlamba wowamba pa doko, ndipo chibweretse mfundo yatsopano yothandiza mlandu. Ngati mungachichotse mlandu osasintha, chichotseni.

Tikupempheninso chinthu chimodzi ndi mtima wonse. Musamupatse mayiyu botolo la mowa ndi chipinda cha mdima chokhalamo yekha. Zimenezo ndi za nkhani za kwina. Kuno zakale za munthu zimakhala ndi abale, ndipo sabisalika. Muonetseni atafika pamaliro a kwawo atavala chitenje pamwamba pa yunifomu, akhala pa mphasa pakati pa amayi, azakhali ake akuzungulitsa beseni la madzi osamba m'manja, afika pa iye n'kumudumpha ngati palibepo munthu. Palibe wayankhula, koma aliyense waona. Zoterezi zimaluma kuposa masamba khumi a maloto oipa. Ndipo sankhani msanga kuti banja lake ndi la Asena kapena la Amang'anja. Kwa Asena mphamvu ili kuchimuna ndipo nkhani ya lobola imamanga mabanja awiri kwa zaka zambiri. Kwa Amang'anja mawu ali ndi amalume, eni mbumba. Izi ndizo zikuuzeni amene anali ndi mphamvu yotseka pakamwa mwana wa zaka 11.

FUNSO: Kodi n'zotheka kuti wapolisi aloledwe kufufuza mlandu umene ukukhudza iye mwini kapena abale ake? Ndipo akamugwira munthu, chimatsatira n'chiyani? (Mphunzitsi wa ku Ngabu)

YANKHO: Aphunzitsi, bwana wake akangodziwa, amuchotsa pa mlanduwo tsiku lomwelo, ndipo achita bwino. Loya wa woimbidwa mlandu akadzazindikira kuti wofufuza anali ndi mbali, umboni wonse umene iye anaugwira udzakayikiridwa m'khoti. Musalione lamuloli ngati chopinga choti muchizembe. Ndilo likupatsani theka lachiwiri la buku. Pamene akubisa, akuika pachiswe mlandu womwe akufuna kuti upambane. Akachotsedwa, amatsala wopanda galimoto, wopanda unyolo, wopanda mphamvu yoitanitsa munthu, ndipo ayenera kudalira sajeni amene kale ankamulamula. Kumbukiraninso kuti kubisa kapena kuononga umboni ndi mlandu pawokha, ndipo pali bungwe la Independent Complaints Commission lomwe limalandira madandaulo okhudza apolisi. Mayi wanuyo akudziwa zonsezi pamene akulowetsa mkanda uja m'thumba.

Ndondomeko yake ili motere. Mtembo ukapezeka kumudzi, oyamba kufika kawirikawiri si a CID. Ndi anthu a m'mudzi, anyakwawa, ndi a polisi ya m'mudzi. Pofika ofufuza, malowo apondedwapondedwa, wina wafunditsa kale mtembo chitenje, wina watola chikwanje kuti ana asachiseweretse. Sachita izi mwa njiru, amachita mwa ulemu, koma umboni wasokonekera. Nkhani imalembedwa m'buku la zochitika la pasiteshoni, lomwe apolisi amangoti OB, doketi n'kutsegulidwa. Mboni zimapereka masitetimenti. Woganiziridwa asanafunsidwe amachenjezedwa kuti ali ndi ufulu wokhala chete ndipo zimene anene zikhoza kukagwiritsidwa ntchito m'khoti.

Gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino likuti womangidwa akaonekere kukhoti pasanathe maola 48. Kwa wolemba, ameneyu ndi wotchi yabwino koposa. Munthu ali m'chitokosi, maola akutha, mboni yofunika ili tsidya lina la Shire ndipo madzi akwera.

Pamene olemba ambiri amapunthwa ndi apa. Mlandu wakupha suzengedwa ndi majisitireti wa pa boma. Iye amangomuuza munthuyo chomwe wamangidwira n'kumutumiza ku limandi. Wozenga ndi bwalo lalikulu la High Court, ndipo doketi imadutsa ku ofesi ya mkulu woimira boma pa milandu, DPP. Pakati pa kumangidwa ndi kuzengedwa pamadutsa miyezi, nthawi zina zaka. Choncho musalembe kuti wagwidwa Lolemba, Lachisanu wagamulidwa. Wofufuza wanunso sindiye amayankhulira boma m'khoti. Iye ndi mboni, amalumbira ngati wina aliyense, ndipo loya amamupanikiza ndi mafunso. Ngati mukufuna malo oti chinsinsi chake chiphulikire, ndi pamenepo. Woimbidwa mlandu wosauka amathandizidwa ndi maloya a Legal Aid Bureau.

Mlandu wakupha ulibe malire a nthawi. Wa mu 1990 ukhoza kutsegulidwa lero, bola umboni ulipo. Kufukula manda kumafuna chilolezo cha khoti, ndipo wapolisi wanzeru amayamba wakhala pansi ndi amfumu ndi eni maliro. Pa chilango, dziwani kuti kuyambira pa chigamulo cha mlandu wa Kafantayeni mu 2007, wopezeka wolakwa pa kupha sagamulidwa imfa mokakamiza. Woweruza amayang'ana mmene zinachitikira. Dziko lino silinanyongenso munthu kuchokera mu 1992.

FUNSO: M'nkhani yanga mtembo wapezeka m'bango pafupi ndi Chiromo, ndipo dokotala akunena kuti munthuyo anafa nthawi ya 2:15 usiku. Mnzanga wogwira ntchito kuchipatala anaseka. Ndalakwitsa pati? (Mnyamata wa ku Bangula)

YANKHO: Achimwene, mnzanuyo wakuthandizani. Palibe dokotala woona mtima angatchule mphindi. Amanena kuti pakati pa maola akutiakuti, ndipo m'chigwa muno mpatawo umatalika chifukwa cha kutentha.

Mabuku akunja amati mtembo umazizira pang'onopang'ono ndipo poyeza kutentha kwake amadziwa nthawi ya imfa. Thupi la munthu wamoyo limakhala pa madigiri 37. Mu Okutobala ndi Novembala kuno kumatentha kupitirira madigiri 40. Mtembo uzizira bwanji pamene mpweya ukutentha kuposa thupi? Njira imeneyo kuno masana sigwira ntchito, ndipo wapolisi wanu akanena zimenezi pamaso pa mnzake wongochoka kumene ku sukulu ya apolisi ku Limbe, wowerenga amukhulupirira nthawi yomweyo.

Kuuma kwa mtembo kumayambira m'nsagwada ndi m'khosi patapita maola awiri mpaka anayi, kumafalikira thupi lonse cha m'maola 12, kenaka kumatha thupi n'kufewanso. Kumalo ozizira izi zimatenga tsiku ndi theka kapena masiku awiri. Kotentha zimathamanga, mwina tsiku limodzi lokha zatha. Choncho mtembo wofewa ukhoza kukhala wa posachedwa kwambiri kapena wa dzana, ndipo chosiyanitsa ndi fungo ndi mtundu wa khungu. Kuola kumayamba kuoneka ngati kubiriwira pamimba, m'munsi cha kumanja, kenaka mimba imafufuma. Ntchentche zobiriwira zimafika m'mphindi zochepa, zimaikira mazira m'maso, m'mphuno, m'kamwa ndi m'mabala, ndipo mazirawo amaswa tsiku lisanathe. Mphutsi zikaunjikana pamalo pomwe si pobowoka mwachibadwa, monga pachikhatho kapena pamkono, wofufuza wochenjera amaganiza za bala, mwina la munthu amene ankatchinga chikwanje.

M'madzi nkhani ndi ina. Mtembo umayamba wamira, ndipo umayandama mpweya wa kuola ukadzaza m'mimba. M'madzi ofunda ngati a Shire izi zimachitika pa tsiku limodzi mpaka atatu. Pamene wapezeka sipamene analowera. Madzi amaukoka mpaka utakodwa m'bango kapena m'namasupuni, ndipo pa Chiromo pamakumana Shire ndi Ruo, ndiye funso loyamba la wapolisi wanu ndi lakuti wabwera ndi mtsinje uti. Amene angamuyankhe bwino si dokotala, ndi msodzi wa m'dambo la Elephant Marsh amene amadziwa kumene madzi amataya zinthu. Khungu la m'manja limachita makwinya, kenaka limavuka ngati golovesi, ndipo nthawi zina zidindo za zala zimatengedwa pa khungu lovukalo.

Chimene chigwa chino chikukupatsani chomwe wolemba wa ku Lilongwe alibe ndi ng'ona. Wakupha aliyense wa kuno amadziwa kuti akaponya mtembo mu Shire anthu adzati yagwira ndi ng'ona. Kusiyanitsa kwake nkotheka. Mano a ng'ona amasiya mabowo ozungulira ondondozana, imaphwanya fupa, ndipo imadula chiwalo pochipotokola, kotero m'mbali mwa bala mumakhala mong'ambikang'ambika. Chikwanje chimasiya mzere woongoka, wosalala, ndipo pa fupa chimalemba mpata wooneka bwino. Bala lomwe linachitika munthu ali moyo limakhala ndi magazi olowerera m'minofu yozungulira. La pambuyo pa imfa limakhala lotumbuluka. Koma madzi amatsuka magazi, ndiye dokotala wanu anene mokayikira, wapolisi akafunefune umboni wina.

Amene amapima mtembo kawirikawiri ndi dokotala wa pachipatala cha boma, nthawi zina pamalo pomwepo kumudzi ngati mtembo waonongeka kwambiri moti sunganyamulike. Akatswiri enieni a ntchitoyi amachokera ku Blantyre ndipo amaitanidwa pa milandu yovuta. Achibale amakakamira kuika maliro msanga, ndipo chifukwa chake chikumveka pamphuno. Mkangano wa pakati pa wofufuza wofuna tsiku lina limodzi ndi banja lomwe lakumba kale manda ndi mutu wathunthu wa buku.

Ngati ndi mafupa a zaka makumi atatu, chiuno ndi chigaza zimanena ngati anali mwamuna kapena mkazi, nsonga za mafupa aatali ndi mano zimanena ngati anali atakula, ndipo fupa lomwe linathyokapo n'kupola likhoza kumuzindikiritsa kwa abale. Sanganene chaka chenicheni cha imfa. Kuyeza DNA kumafuna ndalama, nthawi, ndi m'bale wamagazi woyerekezera naye. Ngati wakufayo anali wothawa nkhondo, m'bale wakeyo ali ku Mozambique, ndipo ulendo wokamufuna ndi nkhani kale.

FUNSO: Sindinakhaleko kuchigwa koma ndikufuna wolakwa athawe pa galimoto, apolisi akumuthamangitsa mpaka kumalire. Ndikufunanso kuti amupeze kudzera pa foni. Zingatheke? (Bambo wa ku Zomba)

YANKHO: Bambo, kwerani minibasi mupiteko kaye, ngakhale masiku atatu. Pakadali pano gwirani izi.

Msewu waukulu ndi umodzi, M1. Umatsika mapiri mokhotakhota kuchokera ku Blantyre, kufika pa Thabwa pomwe pali rodibuloko, kuwoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu, kenaka kudutsa minda ya mizimbe ya Illovo ku Nchalo, Ngabu, Bangula, Tengani, Nsanje boma, mpaka pa chipata cha Marka. Kuchoka ku Blantyre kufika ku Nsanje ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 180. Munthu wodziwa dera sathawa pa galimoto mumsewu umodzi wokhala ndi apolisi. Amakwera kabaza kulowa njira za m'midzi, kapena amalipira wopalasa bwato. Kumunsi kwa Chiromo mtsinje wa Shire ndiwo malire, tsidya linalo ndi Mozambique. Kumadzulo kwa Nsanje kuli mapiri, ndipo kuseri kwake ndi Mozambique yemweyo. Anthu amawoloka tsiku ndi tsiku kukalima, kukagula, kukaona abale. Wapolisi wa Malawi alibe mphamvu yomanga munthu tsidya ilo. Ayenera kudzera kwa apolisi anzake a kumeneko, ndipo akawoloka yekha mwakachetechete wadziika m'mavuto aakulu.

Tsidya la kum'mawa, lomwe anthu amati East Bank, lili ndi msewu wake wochokera pa Thabwa kulowera ku Fatima ndi Makhanga. Madzi osefukira atadula njira ya pa Chiromo mu 1997, anthu a ku Bangula ndi Makhanga akhala akuwoloka pa mabwato pamalo otchedwa Mtayamoyo. Dzina lokhalo likukuuzani zambiri. Malo awiri oyang'anizana akhoza kukhala ulendo wa tsiku lonse pa galimoto nyengo ya dzinja. Sankhani mwezi wa nkhani yanu musanayambe, chifukwa chigwa cha mu Okutobala ndi cha mu Febuluwale ndi maiko awiri. Zigumula za mu Januwale 2015, namondwe Idai mu 2019, Ana mu Januwale 2022 ndi Freddy mu 2023 zinasamutsa midzi yathunthu. Mboni imene wapolisi wanu ankaidziwa pamudzi wakuti mwina tsopano ili kumtunda, ndipo mtengo wa mlambe umene iye akuukumbukira ngati chizindikiro mwina uli pakati pa mchenga.

Za foni, wapolisi sangangoimba ku Airtel kapena TNM n'kupatsidwa zonse. Amatenga chikalata cha khoti, ndipo yankho limatenga masiku. Chomwe amalandira ndi mndandanda wa manambala, nthawi, ndi nsanja ya netiweki yomwe foniyo inagwira. Kumudzi nsanja imodzi imafikira dera lalikulu, ndiye ikuuzani dera, osati khomo. Kuyambira mu 2018 nambala iliyonse imayenera kulembetsedwa, koma dzina lomwe latuluka likhoza kukhala la agogo amene chiphaso chawo chinabwerekedwa ndi mdzukulu. Ndipo kufupi ndi malire ambiri ali ndi simukhadi ya ku Mozambique, monga ya Movitel, yomwe chikalata cha khoti la kuno sichiifikira.

FUNSO: Kodi ndibwereze nkhani ya buku loyamba kuti amene sanaliwerenge amvetse? (Mtsikana wa ku Chikwawa boma)

YANKHO: Ayi, achemwali. Ziganizo zitatu kapena zinayi zomwazika m'mitu iwiri yoyamba zakwana, ndipo zituluke m'kamwa mwa anthu, monga wogulitsa nyama pamsika wa Ngabu amene akumukumbukira mayiyu chifukwa cha mlandu wa ng'ombe uja. Musatchule amene anapha m'buku loyamba, kuti wolipeza mochedwa akalisangalalebe. Koma liwerengeninso nokha ndi pensulo, mulembe zaka za aliyense, udindo wake, dzanja lomwe lili ndi chipsera, ndi zonse zomwe munanenapo za kwawo kwa wapolisiyu. Ngati munalemba kuti mayi ake anamwalira, asapezeke akusinja mapira m'buku lachiwiri.

FUNSO: Anthu a m'nkhani yanga ndi Asena koma ndikulemba m'Chichewa. Ndisakanize bwanji? (Wophunzira wa ku Tengani)

YANKHO: Pang'ono, ngati mchere. Nkhani yonse ikhale m'Chichewa, Chisena chizimveka pa malonje, pa kuthokoza, pa mkwiyo ndi pa chisoni. Nkhalamba ikati "takhuta" m'malo mwa zikomo, kapena "pinthu" m'malo mwa zinthu, wowerenga wamva kale kumene ali. Musaike matanthauzo m'munsi mwa tsamba. Yankho la munthu winayo lizionetsa tanthauzo.

Chiyankhulochi mukhoza kuchigwiritsa ntchito yaikulu kuposa kukometsera. Mayi amene wakhala zaka makumi awiri ku Blantyre ndi ku Lilongwe mwina anachibisa Chisena chake chifukwa anzake ankamuseka. Akafika kwawo akufunsa mboni m'Chichewa cha mu ofesi, agogo akumuyankha mwachidule ngati mlendo. Tsiku limene lilime lake lidzatererekere ku Chisena osafuna, ndi tsiku lomwe agogowo adzamuyang'anitsitse n'kumufunsa kuti ndi mwana wa yani. Mawu onse a Chisena muwapereke kwa munthu woyamwira kuti awaone, chifukwa cha ku Nsanje ndi cha ku Beira zimasiyanako, ndipo Chimang'anja si Chisena.

FUNSO: Nkhani yanga yachokera pa mlandu weniweni womwe unachitika m'dera lathu. Ndingagwiritse ntchito maina enieni a anthu, mudzi ndi mfumu? Ndikufunanso kulowetsamo za kachisi wa Mbona ndi mwambo wa kulowa kufa kuti nkhani ikhale yoopsa. (Bambo wa ku Marka)

YANKHO: Maina a maboma, misika, mitsinje ndi misewu asiyeni enieni, ndiwo amapatsa nkhani nthaka. Mudzi, mfumu, banja, sitolo ndi apolisi onse akhale opeka. Kusintha dzina lokha sikokwanira. Ngati anthu a m'dera angawerenge n'kunena kuti uyu ndi uje, mwiniwakeyo akhoza kukusumirani chifukwa choipitsa mbiri yake. Sinthani zinthu zosachepera zinayi: chaka, ntchito ya munthuyo, chiwerengero cha ana ake, ndi njira imene imfa inachitikira. Ngati mlanduwo udakali kukhoti, usiyeni mpaka utatha. Ndipo ganizirani mayi wa malemuyo, amene mdzukulu wake adzamuwerengera buku lanulo pakhonde. Musaikenso katangale kapena nkhanza pa siteshoni ya polisi kapena chipatala chenicheni chotchulidwa dzina. Pekani kapolisi kakang'ono ka pamsika wopeka.

Pa za Khulubvi, tikukupemphani kuti musamale kwambiri. Ndi malo opatulika a Mbona, ali ndi eni ake ndi malamulo ake olowera, ndipo anthu amapitako kukapempha mvula. Kuwasandutsa phanga la zigawenga n'kunyoza anthu amoyo amene amawalemekeza. Akhoza kupezeka m'nkhani monga mmene alili m'moyo, wapolisi wanu n'kuima pamalire ake podziwa kuti yunifomu siimupatsa ufulu wolowa.

Kulowa kufa ndi nkhani yeniyeni yomwe yavulaza amayi, ndipo mafumu, mipingo ndi amayi eni ake a m'chigwa akhala akulimbana nayo. Ngati ili pa mtima pa mlandu wanu, monga mayi wamasiye amene anakana ndipo kukanako kunabala udani, ilembeni kuchokera m'maso mwa mayiyo, pamodzi ndi anthu a m'mudzi momwemo amene anaima naye. Ngati mukungoifuna kuti owerenga a m'tauni anyansidwe ndi anthu a kuchigwa, ichotseni, nkhaniyo siitaya kanthu.

Mukamaliza kulemba, perekani zolembazo kwa anthu atatu musanapite kosindikiza: wapolisi wopuma ntchito aone ndondomeko, wachipatala aone za mtembo, ndi mayi wachikulire wa m'deralo aone za maliro, malonje ndi ubale. Aliyense mumupatse pensulo ndi masabata awiri, ndipo mumuuze kuti azilemba chizindikiro paliponse pamene wanena mumtima kuti kwathu sizichitika choncho. Nambala ya buku ya ISBN imatengedwa ku National Archives ku Zomba, ndipo za umwini wa ntchito yanu mukafunse ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito za aluso.